Kompyuta Imene Mchimwene Wanga Anasiya

Tinakwirira thunthu la nthochi. Ndiyambire pamenepo, chifukwa munthu amene sanaonepo maliro otero sangamvetse zimene ndinadzachita pambuyo pake. Mchimwene wanga, yemwe anandiponda pamutu, anapita ndi madzi chaka chimene namondwe anagumula mitsinje yochokera m'phiri n'kuikhuthulira m'mabairo, midzi ya m'tauni ya kumunsi kwa Milange. Thupi lake silinapezeke. Amuna anafufuza sabata yonse m'mphepete mwa mtsinje mpaka kutsidya ku Malawi, n'kumabwerako ndi nsapato za anthu ena. Pamapeto pake akuluakulu a mpingo anati tidule nthochi, tiikulunge m'nsalu, tiike m'manda kuti mtima wa amayi ukhale pansi. Amayi anaponya dothi m'dzenjemo maso ali gwa, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe.

Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ku Mocuba. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito mu papelariya, shopu ya mapepala ndi zolembera, kutayipa makalata a anthu ndi kuchita fotokope, ndipo kumudzi ndinali nditasiya kupitapita. Maliro atatha ndinabwerera kukatsanzika kuntchito ndi kukatenga katundu wanga. Patapita mwezi ndinabwera kudzakhala, poti amayi analibenso wina. Ndinawapeza akugonabe m'tchalitchi cha pamtunda pamodzi ndi mabanja ena. Tinatola njerwa zimene madzi anasiya, tinawongola malata opindika ndi mwala, abale a mumpingo anatithandiza kudzutsa zipinda ziwiri. Katundu amene tinalowa naye m'nyumbamo anali mapoto awiri, mkeka, sutikesi yanga, ndi kompyuta ya malemu pamodzi ndi sikirini yake.

Kompyutayo anaimanga yekha. Anakhala zaka zinayi ku Joni akutsuka magalimoto, kudya buledi ndi madzi, n'kumagula kachidutswa kamodzikamodzi mpaka chinthucho chinakwana. Atabwerera kumudzi anayamba kujambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, kuchokera ku Majaua mpaka ku Mongue, n'kumakonzera mavidiyowo pa makina akewo. Tsiku la madzi lija, chakum'mawa, anayamba wabereka amayi kukawasiya kutchalitchi. Ulendo wachiwiri anasenza kompyuta ndi sikirini, atazikulunga mu lona. Ulendo wachitatu anabwerera kukatenga kamera, ndipo ndi pomwepo. Ndinene poyera kuti chinthucho ndinkadana nacho ndisanachione n'komwe.

Koma amayi anandiitana tsiku lina tikuchapa, nati, "Iwe, nkhope ya mlongo wako ikundithawa. Ndikatseka maso ndikumaona malaya okha." Zithunzi zonse za m'nyumba zinapita ndi madzi, foni inali m'thumba mwake, ndipo iye anali munthu wojambula anzake, wosajambulidwa. Panali vidiyo imodzi yokha. Amayi anati tsiku lina anaimika kamera pa miyendo yake pakhonde, n'kudzakhala nawo pansi akusenda nandolo, akuwaseka kuti akuchita manyazi ngati mkwatibwi. Madzulo ake anawaonetsa pa kompyuta ija, ndiye ankadziwa kuti ili m'menemo. "Iwe si umagwira ntchito ya makompyuta? Ndionetse mwana wanga." Ndinayankha mwachangu kuti imeneyo si nkhani, tingodikira magetsi.

Magetsi atabwerera kwa oyandikana nawo, tinakoka chingwe. Nditachotsa lona, ndinangoti kakasi. Ine makompyuta amene ndinkawadziwa anali a mu ofesi, timabokosi totuwa tomwe ukatimenya pambali timamva. Ichi chinali chibokosi chofika m'chiuno mwa mwana, mbali imodzi galasi lokhalokha, m'kati muli mafani asanu ndi limodzi, timachubu tiwiri toonekera m'kati ndi kabotolo kopanda kanthu. Ndinaganiza kuti timachubuto ndi zokongoletsa, poti mwana uja ankakonda zonyezimira. Amayi anasamba, anavala chitenje cha kutchalitchi, anamanga duku, n'kuyala mkeka pakhomo la chipinda ngati akulandira mlendo.

Ndinadina batani. Magetsi ofiira ndi obiriwira anayaka m'katimo, mafani anazungulira, sikirini inatseguka popanda kufunsa nambala yachinsinsi. Ndinatsegula malo a mavidiyo, ndipo ndinapeza mafayilo mazanamazana, onse opanda mayina, manambala okhaokha. Ndinatsegula yoyamba, ukwati wa eni ake. Yachiwiri, kwaya. Ndili pa yachitatu mafani anayamba kulira ngati chigayo, chithunzi chinauma, sikirini yonse inasanduka yabuluu, kenako bii. Amayi anafunsa chapansipansi kuti, "Wapita?" Ndinati ayi, ndi magetsi chabe. Ndinayatsanso pompo, ndipo ulendo uno sinathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Apa ndi pamene panayambira masabata atatu amene sindifuna kuwakumbukira. Ndinayamba ndi magetsi, chifukwa masiku amenewo ankabwera ngati munthu woledzera, babu kuwala kenako kufiira. Ndinakabwereka sitabilaiza yowongolera mphamvu ya magetsi kwa mayi wina wogulitsa nsomba za mufiriji, ndinaisenza pamutu kuchokera kumsika. Inazimabe. Ndinatsegula galasi lija, ndinapukuta fumbi ndi kaburashi ka mano, ndinapemerera ndi pampu ya njinga. Inazimabe. Ndinazula timitengo ta ramu tonse tinayi, kutipukuta mano ake ndi labala wa pensulo monga tinkachitira ku Mocuba, n'kumabwezera kamodzikamodzi, kuyesa aka, kuyesa ako. Zonsezo zinali zogwira mphepo. Ndinachotsa ngakhale chikhadi cha zithunzi, cholemera ngati njerwa, ndikuopa kuthyola chinthu chimene mwana uja anachivutikira chaka chathunthu. Popanda chikhadicho sikirini sinaonetse kanthu, ndiye ndinachibwezera ndikutukwana.

Wina angafunse kuti bwanji osangochotsa disiki n'kukaiika m'kompyuta ina. Ndinayesa, musandiyese wopusa. Disiki yake sinali ngati zimene ndinazolowera, kanali kanthu kakang'ono ngati chala, komangiriridwa pa bolodi ndi kasikuluu. Ndinayenda nako m'mashopu onse a m'tauni, ndipo panalibe kompyuta yokhala ndi polowetsa pake. Anandiuza kuti kachipangizo kowerengera kamapezeka ku Blantyre, koma msewu wa kutsidya unali udakali wodukaduka, ndipo amene ndinamutuma anabwera ndi chinthu china. Kukopera zonse pa flashi nakonso kunakanika, poti mafayilo anali akuluakulu ndipo makinawo ankazima kamzere kosonyeza kukoperako kasanafike n'pakati pomwe. Chimene chinatsala chinali kusaka vidiyo ija ndi maso, mafayilo awiri kapena atatu pa ulendo, n'kumalemba manambala ake pakhoma ndi khala kuti ndisabwereze.

Anthu nawonso sanandisiye. Amayi ena a mubairo ankabwera kudzasuzumira pazenera, n'kumanong'onezana kuti malemu akukana, sakufuna kuti katundu wawo agwidwe ndi munthu amene sanabwere kudzawaona ali moyo. Mmodzi anandiuza pamaso kuti ndiitane abusa adzaipempherere. Ndinamufunsa ngati abusawo anapempherera nyumba yake isanagwe, ndipo mpaka lero sitipatsana moni. Pakamwa panga ndi potero, sindibisa. Koma mawu aja akuti sindinabwere kudzamuona anandilowa, chifukwa anali oona.

Chinkandipweteka koposa ndi amayi. Ulendo uliwonse ndikati ndiyatse, ankasiya chimene akuchita, kukasamba m'manja, kumanga duku, kuyala mkeka uja. Ndinkawauza kuti, "Amayi, pitani mukachite zina, ndikaipeza ndikuitanani." Iwo ayi, ankangokhala, manja ali pamiyendo. Ikazima ankati, "Wapitanso," n'kupinda mkeka. Nthawi zina ankafuna kuyankhulapo, ine n'kuwadula kuti asandisokoneze, izi si za kumunda. Tsiku lina kompyuta inalemba poyaka kuti ikukonza disiki, ndipo ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Kuzima kulikonse kunkaluma disiki ija pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina ikanangokana kutseguka, nkhope ya mwana uja n'kupita. Ndinadziikira lamulo loti ndiziyatsa kawiri kokha patsiku. Ndinaona kuti m'mawa kukuzizira inkakhalitsako kusiyana ndi masana, koma ndinati mwina m'mawa magetsi amakhala amphamvu.

Maganizo amenewo ndi amene anandipititsa kwa amesitiri, bambo wachikulire wobadwira ku Thyolo, amene anakhazikika ku Milange kalekale n'kumakonza machapa, maminibasi a kuno, ndi njinga zamoto kuseri kwa msika. Anali ndi jenereta yaing'ono, ndipo ndinkafuna kuyesa magetsi osadukaduka. Anavomera, koma anati abwera nayo okha, poti jenereta yawo sabwereketsa kwa munthu amene sadziwa kuthira oyilo. Anafika masana dzuwa lili paliwombo, jenereta ili pakaliyala ya njinga. Anailiza panja, ine n'kulumikiza. Amayi anayala mkeka wawo. Makina anayaka, ndinatsegula fayilo imodzi, ndipo isanathe n'komwe mafani analira, sikirini bii.

Ndinamenya tebulo. Amesitiri, amene anaima pakhomo akupukuta manja, analowa akununkhiza ngati galu wosaka.

"Mwana wanga, chinthuchi chikuwira."

"Bambo, iyi si chapa," ndinawayankha. "Inu samalani jenereta yanu."

Sanandimvere. Anagwada, analowetsa chala pamene ndinachotsa galasi, n'kukhudza kachitsulo ka pakati pa bolodi pamene timachubu tija timalowera. Anachotsa chalacho msangamsanga n'kuchiika m'kamwa. Kenako anatsatira kachubu ndi maso mpaka pamwamba, pamene panali chitsulo chakuda chokhala ndi timipata ting'onoting'ono, mafani atatu atamatidwa pamenepo.

"Epa! Iyi ndi rediyeta yoziziritsira, ngati ya m'galimoto," anatero. "Aka ndi kapampu, aka ndi kathanki. Nanga madzi ake ali kuti?"

Ndinaseka, kuseka kwachipongwe. Madzi mu kompyuta? Ine amene ndinkathamangitsa makasitomala akaika botolo la madzi pafupi ndi makina? Koma bamboyo anandigwira dzanja n'kundionetsa. M'kabotolo kaja munali mzere wachikasu wouma, wosonyeza pamene madzi ankalekezera. Pa kachitsekerero kake panali zokandika za mpeni. Masabata atatu ndinkayang'ana kabotolo kameneko tsiku ndi tsiku osadzifunsa kuti kanali ka chiyani.

Ndiye amayi anayankhula ali pamkeka paja, ndipo nkhope yawo inawala koyamba chichitikireni maliro.

"Eee, madziwo musadandaule nawo, ndinachotsa ndine."

Anafotokoza mosangalala, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ali kutchalitchi kuja, ine ndili ku Mocuba, anafunyulula lona kuti aone ngati katundu wa mwana wawo ali bwino. Poyang'ana pagalasi anaona madzi achikasu ali tho m'kabotolo ndi m'timachubu, mtundu wake wofanana ndi madzi amene anadzaza m'nyumba. Anadziwa kuti chigumula chalowa. Aliyense pamalopo ankayanika zake, chimanga, mabulangete, mabaibulo, mawayilesi. Iwonso anamasula galasi ndi nsonga ya mpeni, anatsegula kachitsekerero, anapendeketsa chibokosicho mothandizidwa ndi mayi mnzawo mpaka dontho lomaliza linatuluka. Kenako anachiyanika pamkeka masiku atatu, akuchitembenuza ndi kuingitsa nkhuku.

"Chinauma gwa," anamaliza motero. "Ndinati mwana wanga anachisenza pamutu, chisawole ine ndilipo."

Ndikanatha kukhala chete. Ndikanatha kutuluka panja kukamwa madzi. Amesitiri anali atanena kale kuti vutolo ndi la madzi, chinthu chotheka kukonza. Koma masabata atatu aja anandikwera kumutu, sitabilaiza imene ndinasenza, manong'onong'o a pazenera, manyazi oti wandiposa ndi munthu wokonza machapa. Ndinaimirira n'kuwaloza amayi chala, mayi wondibala, pamaso pa mlendo.

"Ndiye ndinu! Masiku onsewa mwakhala apa ngati simukudziwa kanthu, chikhalirecho mwawononga ndinu! Anakutumani ndani? Madzi anamutenga kamodzi, inu mwamutayanso kachiwiri ndi manja anu!"

Amesitiri anayang'ana pansi. Kuwala kuja kunachoka pankhope ya amayi pang'onopang'ono, ine ndikuona. Anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba. Sanalire, sanandikalipire. Anadzuka mogwira khoma, anapinda mkeka, n'kutuluka. Patapita kanthawi ndinamva kuseri kwa nyumba kukugogoda, akuchotsa dothi lakale pa njerwa zimene tinaunjika kuti tidzamangire khitchini.

"Mwana wanga," anatero amesitiri, "mawu amenewo ndi olemera." Anakwera njinga, ndipo posakhalitsa anabwera ndi botolo la madzi a batire, oyeretsedwa aja opanda mchere, ndi jakisoni wopanda singano. Anathira pang'onopang'ono m'kathanki, ine ndikupendeketsa chibokosi uku ndi uku kuti mpweya utuluke. Ananditsina khutu kuti kapampu kakhala kakuzungulira kouma nthawi yonseyi, mwina kanapsa kale. Titayatsa kanangolira, madzi osasuntha. Anakagogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kamodzi, kawiri. Kachitatu thovu linathamanga m'kachubu, madzi a m'kathanki anatsika, iwo n'kuwonjezera ena. Mafani amene ankalira ngati chigayo anatsitsa mawu. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi, kenako theka la ola. Anakhudzanso kachitsulo kaja n'kugwedeza mutu kuti kazizira.

Ndinasaka pafupifupi maola awiri. Ndinadutsa maukwati a anthu amene ena mwa iwo tinawaika m'manda mwezi womwe uja, makwaya a matchalitchi amene anagwa. Kenako khonde la nyumba yathu yakale linatulukira, ndi lichero la nandolo, ndi amayi akubisa nkhope. Munthu anachokera kuseri kwa kamera akuthamanga, n'kudzigwetsa pansi pafupi nawo. Anali atanenepa kusiyana ndi mmene ndinamuonera komaliza, atasunga kandevu kopusa. Anati, "Amayi, yang'anani uko, musachite manyazi, anthu adziwe kuti kukongolaku ndinatengera kwa ndani." Ndinaimitsa pomwepo chifukwa sindinkaonanso bwino. Ndinaikopera pa flashi, ndipo kamzere kanayenda mpaka kumapeto.

Ndinapita kuseri kwa nyumba. Amayi anali atakhala pansi, chitenje cha kutchalitchi chija chili fumbi lokhalokha, njerwa zoyera zitaunjikana pambali pawo. Ndinagwada.

"Amayi, ndalakwa. Pakamwa panga mukupadziwa. Simunawononge kanthu, yayaka. Ndamupeza. Tiyeni mukamuone."

Anapitiriza kugogoda njerwa.

"Amayi, chonde. Ali pompo, akuseka."

"Ayi, mwanangu," anatero osandiyang'ana. "Wanena zoona. Ine ndikayandikira ndiwononganso. Anabwerera m'madzi muja atandisiya ine pouma, ine n'kudzamutayanso. Uzimuona iweyo."

Ndinawachonderera mpaka dzuwa linapendeka. Amesitiri nawonso anabwera kudzawanyengerera, akuti ngakhale iwo akanaona madzi achikasu m'wayilesi akanakhuthula. Sizinathandize. Masiku otsatira ndinaika vidiyo ija pa foni n'kupita nayo pamene akhala, koma ankatembenukira kukhoma, ndipo mawu ake akangomveka ankatuluka kupita kumunda. Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, tikudyera mbale imodzi, osandisungira mkwiyo ngakhale pang'ono, koma m'chipinda chija sanalowemonso, ngakhale kukasesa.

Tsiku lija, mdima usanagwe, anandifunsa funso limodzi lokha, njerwa ili m'manja.

"Mlongo wako wavala malaya ati?"

Ndinati abuluu, a mizeremizere.

"Eya, amenewo ndikuwakumbuka," anatero. "Nanga nkhope yake ili bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, ndipo ndinapeza kuti mawu ofotokozera nkhope ya munthu kwa mayi ake ndilibe. Anadikira pang'ono, kenako anatola njerwa ina.